Galimoto Yophwanyika Ili ndi Mwini Wake

Mudzi wa Mlare uli pa msewu waukulu wa M1, kumwera kwa boma la Karonga, pafupi ndi nyanja. Anthu a kumeneko aona magalimoto ambiri tsiku ndi tsiku, ndipo ena mwa magalimotowo ndi alendo enieni m'dziko muno, pakuti angotsika kumene m'sitima ya pamadzi pa doko la Dar es Salaam. Ambiri achokera ku Japan, ena ku Britain, ndipo oyendetsa ake ayenda mtunda wopitirira makilomita 900 m'dziko la Tanzania asanafike pa chipata cha Songwe. Pofika pa Mlare dalaivala ali wotopa, maso ali olemera ndi tulo, ndipo mumsewu muli ng'ombe, njinga ndi ana a sukulu. Nchifukwa chake si chachilendo kuona galimoto itagona chagada m'mbali mwa msewu, kapena itakwinyika kutsogolo konse.

Ovulala akatengedwa kunka ku chipatala, chitsulo chimatsala. Chikhala masabata angapo pomwepo, kapena pa bwalo la polisi, kapena kuseri kwa garaja ina ku Karonga, ndipo pambuyo pake imveka mbiri yakuti galimoto ija ali kuigulitsa pa mtengo wochepa ndithu. Mlimi amene wagulitsa bwino mpunga wake, mphunzitsi amene wakhala akusunga pang'ono pang'ono, msodzi wa usipa amene ali ndi ndalama m'thumba, onse ayamba kuwerengera mumtima: makaniko akaiwongola ndi kuipaka utoto, idzanyamula anthu pakati pa Karonga ndi Chilumba, ndipo ndalama zidzabwerera. Maganizowo si oipa ayi, pakuti magalimoto ambiri oyenda m'misewu anagwapo pa ngozi nakonzedwa. Koma choopsa chachikulu pa malonda otere sichili kwa makaniko. Chili pa makalata.

Munthu wa ku Karonga safuna kuphunzitsidwa kagulidwe ka ng'ombe. Adziwa kuti ng'ombe ya mlendo, yopanda kalata ya mfumu ndi mboni, ingakhale yonona chotani, ingathe kumgoneka m'chitokosi. Afunsa khola limene yachokera, nafunsanso amene aidziwa. Galimoto ili chimodzimodzi, koma khola lake ndilo mabuku a Boma. Galimoto iliyonse ya m'dziko muno ilembedwa ku ofesi yoyang'anira za pamsewu, imene dzina lake lonse ndi Directorate of Road Traffic and Safety Services, koma anthu angoitcha Road Traffic. Kumeneko kuli nambala ya galimotoyo pamodzi ndi dzina la mwini wake, monga mwa lamulo la za pamsewu la chaka cha 1997, ndipo mwiniyo apatsidwa chikalata cha umwini chimene anthu achitcha buluu buku. Ngozi iswa magalasi ndi kupinda zitsulo, koma siifafaniza dzina m'mabukumo. Munthu angathe kulipira ndalama zonse, nakokera chigobacho pakhomo pake, nachisunga zaka zambiri. Pamaso pa Boma chikhalabe cha uja amene dzina lake linalembedwa.

Palinso lamulo la malonda limene aliyense ayenera kulisunga pamtima. Lamulolo liti wogulitsa sangathe kupatsa wogula umwini woposa umene iye mwini ali nawo. Ngati wogulitsa sanali mwini, wogulanso sali mwini, ndipo mwini weniweni akatulukira atenga katundu wake. Wogula atsala ndi mlandu wolondola ndalama zake kwa munthu amene mwina anasamuka kale. Ndipo ngati apolisi apeza kuti galimotoyo inali yakuba, ndi kuti wogulayo anali ndi chifukwa chokayikira, iyenso aimbidwa mlandu wolandira katundu wakuba.

Kodi wogulitsayo ndiye mwini?

Funso limeneli lioneka lapafupi, koma pa galimoto ya ngozi lili ndi nthambi zambiri, chifukwa anthu okhala ndi gawo pa chitsulo chimodzi angathe kukhala atatu kapena anayi.

Woyamba kuonekera pa malo a ngozi ndiye dalaivala, ndipo kawirikawiri iyeyo si mwini. Ambiri amene akatenga magalimoto ku Dar es Salaam ndi anthu aganyu, otumidwa ndi munthu wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre amene sanaionepo galimoto yake ndi maso. Dalaivala wotere, poopa kukaonana ndi bwana wake, angathe kugulitsa chigobacho msanga msanga nathawa. Makiyi ali m'manja mwake, inde, koma makiyi si umwini.

Pa magalimoto obwera kumene, funso lachiwiri ndilo la msonkho. Galimoto yochokera kunja siingathe kulembedwa ku Road Traffic isanamasulidwe ndi bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority, limene linayamba ntchito m'chaka cha 2000 ndipo anthu alitcha MRA. Msonkho ukalipidwa, a MRA apereka chikalata chotchedwa Customs Clearance Certificate, chosonyeza kuti Boma lalandira zake. Tsono si galimoto iliyonse yodutsa pa Mlare imene ili ndi chikalata chimenechi. Zina zingodutsa m'dziko muno pa ulendo wa ku maiko ena. Zina ndi za alendo a ku Tanzania, zimene zalowa ndi chilolezo cha masiku owerengeka, ndipo ziyenera kutulukanso. Galimoto yotere ikagwa, ngongole ya msonkho siifa nayo. Wogula chigobacho agula ndi ngongole yomwe, ndipo msonkho wa galimoto, umene auwerengera poyang'ana zaka zake ndi kukula kwa injini, ungathe kuposa kutali mtengo umene iye analipira m'mbali mwa msewu. Akapanda kulipira, a MRA ali ndi mphamvu yolanda galimotoyo ndi kuigulitsa pa okushoni. Chomwecho munthu asanatulutse ndalama, ayambe wapita ku ofesi ya MRA ndi nambala za galimotoyo, kuti amve ngati msonkho unalipidwa, ndipo ngati sunalipidwe, amve kuti ndi wochuluka bwanji.

Chenjezo lomweli likhudzanso magalimoto amene analowa m'dziko popanda msonkho mwa chilolezo chapadera, monga ena a mipingo, a mabungwe othandiza anthu ndi a akazembe. Chilolezocho chinapatsidwa kwa iwo, osati kwa munthu wina aliyense, ndipo pogulitsa a MRA ayenera kudziwitsidwa. Magalimoto a Boma, a nambala ya MG, ali ndi njira yawoyawo yogulitsira ikafika nthawi yowataya, ndipo palibe dalaivala kapena kalaliki amene angagulitse imodzi payekha.

Nanga a inshuwalansi? Apa anthu asokonezeka kawirikawiri, chifukwa inshuwalansi ili ya mitundu iwiri yaikulu. Mtundu woyamba, umene lamulo likakamiza galimoto iliyonse kukhala nawo, ndiwo wolipira anthu ena amene galimotoyo yawavulaza. Suthandiza pa kuwonongeka kwa galimoto ya mwini. Pa inshuwalansi yotere chigoba chitsala cha mwini wake, ndipo angathe kuchigulitsa. Mtundu wachiwiri, wa mtengo wokwera, ulipiranso galimoto ya mwini. Kampani itumiza katswiri wake kudzaona kuwonongekako, ndipo akapeza kuti kukonza kudya ndalama zofika pafupi ndi mtengo wa galimoto yonse, kapena kupitirira, kampani ilipira mwiniyo mtengo wa galimoto nitenga chigobacho kukhala chake. Kuyambira tsiku limenelo mwini wakale alibenso mphamvu yochigulitsa, ngakhale chikhale pakhomo pake. Makampani agulitsa zigoba zotere pa okushoni kapena poitanitsa mitengo, ndipo kunena zoona imeneyi ndiyo njira yoyera koposa yogulira galimoto ya ngozi, pakuti wogula alandira lisiti ndi kalata ya kampani yodziwika. Nthawi zina mwini apangana ndi kampani kuti asunge chigoba chake, nalandira ndalama zochepera. Ngati wogulitsa anena kuti zinatero, aonetse kalata ya kampaniyo.

Banki nayonso ingathe kukhala ndi gawo. Galimoto yogulidwa ndi ngongole, kapena yoikidwa chikole, ili yomangika kufikira ngongoleyo itatha. Lamulo la za chikole cha katundu wonyamulika la chaka cha 2013 linakhazikitsa kaundula wa zikole zotere, amene asungidwa ndi ofesi ya Registrar General. Wogulitsa akanena kuti buluu buku ili ku banki, wanena zonse: malonda adikire kalata ya banki yomasula galimotoyo.

Nkhani yovuta koposa, ndiponso yomvetsa chisoni, ndiyo ya galimoto imene mwini wake anafera pa ngozi yomweyo. Maliro akatha, kawirikawiri atulukira mchimwene wa malemu kapena malume, nanena kuti chitsulocho chichotsedwe chifukwa chikumbutsa zowawa. Wogula aona kuti ndi wachibale, naganiza kuti zonse zili bwino. Sizili bwino ayi. Lamulo la za chuma cha masiye la chaka cha 2011 liika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana ake, ndi amene anali kudalira iye, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wa ndende. Woyenera kugulitsa galimoto ya munthu wakufa ndi yekhayo amene ali ndi kalata ya bwalo la milandu yomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Amene sadziwa poyambira afunse ku ofesi ya Bwanamkubwa pa boma la Karonga, kumene nkhani za masiye zifikira. Wogula amene apewa njira imeneyi ataya ndalama zake tsiku limene mayi wamasiye apita kukadandaula, ndipo kuwonjezera apo wathandiza kulanda ana chuma cha bambo wawo.

Pomaliza pali apolisi. Ngozi iliyonse yovulaza anthu iyenera kunenedwa ku polisi msanga, ndipo galimoto imene yapha munthu ingathe kusungidwa ngati umboni kufikira apolisi ataiyesa ndi kuimasula. Lipoti la apolisi la ngoziyo ndi kalata yofunika kwa wogula, popeza litchula tsiku, malo ndi nambala ya galimoto.

Mawu awiri apite kwa mafumu ndi anthu okhala m'mbali mwa msewu. Mfumu ili ndi mphamvu pa malo, koma ilibe mphamvu pa galimoto imene yagwera pa malopo. Ngakhale chigoba chikhale chaka chathunthu m'munda mwa munthu, sichisanduka chake, ndipo kuchotsa matayala, batire kapena mipando usiku ndi kuba, monga kuba m'nyumba. Katundu wosowa mwini anenedwe ku polisi.

Dzina lenileni la galimoto

Nambala yopachikidwa kutsogolo ndi kumbuyo, monga ija yoyamba ndi KA ya boma la Karonga, ili ngati chovala chabe, pakuti munthu wa sipanala angathe kuichotsa m'mphindi zochepa. Dzina lenileni la galimoto ndilo nambala ya chassis, imene inadindidwa pa chitsulo cha thupi lake ku fakitale. Pa magalimoto ena ipezeka kuseri kwa injini munthu akatsegula boneti, pa ena pansi pafupi ndi mpando wa dalaivala, ndipo ilembedwanso pa kachitsulo kokhomedwa pa mphuthu ya chitseko kapena m'chipinda cha injini. Injini nayo ili ndi nambala yakeyake.

Magalimoto opangidwira maiko a ku Ulaya, America ndi South Africa ali ndi nambala ya zilembo 17, malembo ndi manambala pamodzi, monga mwa dongosolo limene linakhazikika ku America m'chaka cha 1981. M'nambala yotere simupezeka malembo atatu awa, I, O ndi Q, kuopa kuti angasokonezeke ndi 1 ndi 0. Koma magalimoto opangidwira anthu a ku Japan komweko, monga Toyota Sienta ndi Probox zimene zadzaza misewu ya kuno, ali ndi nambala yaifupi: iyamba ndi chizindikiro cha mtundu wa galimotoyo, kenaka kamzere, kenaka manambala. Chotero munthu asadabwe akapeza kuti Sienta ilibe zilembo 17. Chofunika nchakuti nambala ya pa chitsulo ifanane ndi ya pa makalata onse, chilembo ndi chilembo. Wogula ailembe yekha pa pepala, ali chiweramire pa galimotoyo, osati kuikopera pa kalata imene wogulitsa wamupatsa. Aphunzitsi angathe kuthandiza kwambiri pamenepa anthu amene maso awo kapena sukulu yawo siiwalola kuwerenga zilembo zazing'ono.

Ayang'anitsitsenso malo ozungulira nambalayo. Ngati pali zipsera za kuwotcherera, kapena chitsulo chapalidwa, kapena utoto wa pamenepo pokha ndi watsopano, kapena zilembo zina zasiyana kukula ndi zinzake, abweze ndalama zake m'thumba. Chifukwa chake ndi ichi. Akuba adziwa kuti galimoto yakuba siingayende popanda makalata. Tsono afunafuna chigoba cha mtundu womwewo, nadula kachigawo kokhala ndi nambala, nakawotcherera pa galimoto yakuba, ndipo yakubayo iyenda ndi dzina la yakufa. Nchifukwa chake apolisi ayesa nambala za galimoto ndi kuziyerekeza ndi mndandanda wa magalimoto obedwa, wa m'dziko muno ndi wa maiko ena. Pa ntchitoyi athandizana ndi Interpol, ndiponso ndi bungwe la akulu a polisi a maiko a kumwera kwa Africa lotchedwa SARPCCO, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1995. Kalata ya apolisi yonena kuti galimotoyo si yakuba ndi imodzi mwa makalata amene wogula sayenera kuwasowa.

Nthawi zina ngozi yeniyeniyo ipinda malo amene pali nambala. Zikatero makaniko asadule, asawotcherere, ndipo asayese kudindanso nambalayo ndi manja ake. Apolisi ayambe aiona monga momwe iliri. Makaniko wofuna kuthandiza angathe, mosadziwa, kusandutsa galimoto yoyera kukhala yokayikitsa kwa moyo wake wonse.

M'maiko mmene magalimotowa achokera

Nkothandiza kudziwa mmene maiko ena achitira, popeza magalimoto a kuno achokera kumeneko, ndipo ena anagwa kale asanakwere sitima. Ku Britain, kuyambira mwezi wa October 2017, a inshuwalansi agawa magalimoto owonongeka m'magulu 4. Gulu A ndilo loyenera kuphwanyidwa lonse, osachotsapo kanthu. Gulu B, thupi lake liphwanyidwa, koma zipangizo zina zingathe kugulitsidwa. Gulu S ndilo lowonongeka m'mafupa a thupi koma lotheka kukonzedwa, ndipo gulu N ndilo lowonongeka mwina monse koma mafupa ali bwino. Ku South Africa galimoto yatsopano ili ndi chizindikiro cha 1, yogwiritsidwa kale ntchito 2, yomangidwanso itawonongeka kwambiri 3, ndipo ya 4 ndiyo yothetsedwa, yosayenera kubwereranso pa msewu. Ku America chikalata cha galimoto yotayidwa ndi a inshuwalansi chilembedwa mawu akuti salvage, ndipo ikakonzedwa ndi kuyesedwa, m'madera ambiri chilembedwa kuti rebuilt, kuti wogula aliyense wa m'tsogolo adziwe. Ku Japan pepala la pa okushoni liika chilembo R pa galimoto imene inakonzedwapo itachita ngozi.

Maiko onsewa agwirizana pa mfundo imodzi, yakuti mbiri ya ngozi iyende pamodzi ndi galimoto. Wogula wa kuno asayembekeze kuti buluu buku yokha imuuza mbiri yotere. Afunse lipoti la apolisi ndi kalata ya a inshuwalansi, ndipo pa galimoto yobwera kumene afunse makalata amene inatuluka nawo kwawo.

Kusintha dzina

Mwini weniweni akapezeka, ndipo zikadziwika kuti MRA, banki, kampani ya inshuwalansi ndi apolisi alibe nayo kanthu galimotoyo, pamenepo malonda angathe kuyamba. Ilembedwe kalata ya malonda. M'kalatamo mukhale maina onse a wogula ndi wogulitsa, manambala a zitupa zawo za unzika zimene Boma linayamba kupereka kwa anthu onse m'chaka cha 2017, mtundu wa galimoto, nambala ya kutsogolo, ya chassis ndi ya injini, mtengo, tsiku, ndi mawu omveka akuti galimotoyo yagulitsidwa ili yowonongeka pa ngozi. Mboni ziwiri zisayine, ndipo aliyense asunge kalata yake. Chidindo cha mfumu pa kalatayo nchabwino ngati umboni wakuti anthu awiriwa anapangana, koma sichilowa m'malo mwa buluu buku.

Pa kalipiridwe, munthu wanzeru sapereka ndalama zonse tsiku limodzi. Apereka gawo, nasunga gawo lina kufikira dzina litasinthidwa. Wogulitsa amene walandira zonse alibenso chomukokera ku ofesi, ndipo ulendo wake si waufupi: ofesi yaikulu ya Road Traffic ya chigawo cha kumpoto ili ku Mzuzu, mtunda wa makilomita pafupifupi 220 kuchokera pa boma la Karonga, kudzera pa chitunda cha Chiweta. Ofesiyi isunga kaundula wake pa makina a kompyuta otchedwa MalTIS, ndipo munthu wofuna kulembetsa galimoto m'dzina lake ayamba walembetsa iye mwini, najambulidwa nkhope ndi zala, napatsidwa khadi la Traffic Register. Kotero nkwabwino kuti wogula ndi wogulitsa apite onse awiri pamodzi, atanyamula zitupa zawo ndi makalata onse, ndipo wogula asabwerere asanaone kuti dzina lake lalandiridwa.

Pa khomo la maofesi otere pamakhala anthu otchedwa madobadoba, amene alonjeza kufulumizitsa zinthu ngati munthu awapatsa kangachepe. Munthu wa kumudzi, amene wafika ndi tulo ta m'basi ndipo afuna kubwerera tsiku lomwelo, ndiye nyama yawo. Iwo si antchito a Boma. Kalata yochokera m'manja mwawo ingathe kukhala yabodza, ndipo tsiku limene idzagwidwa pa msewu dobadoba sadzakhalapo. Ndalama zilipidwe pa malo amene ofesi yanena, ndipo lisiti lisungidwe. Wosadziwa khomo lolowera afunse wantchito wa mkati. Akulu anati safunsa anadya phula.

Ambiri alakwa pa dongosolo la zinthu. Ayamba ndi kukonza, chifukwa kukonza kuoneka ndi maso ndipo kukondweretsa mtima, naganiza kuti makalata adzawaona pambuyo. Koma ndalama zothiridwa pa galimoto ya mwini wina sizibwerera. Mlimi amene wagulitsa ng'ombe ziwiri kuti agule boneti, magalasi ndi nyali, ndipo pambuyo pake amva kuti chigobacho ncha kampani ya inshuwalansi kapena cha ana amasiye, wakonzera ena galimoto. Makaniko asakhudze chitsulocho makalata asanalongosoke.

Kukonza ndi kuyesedwa

Pokonza, malisiti a zipangizo zazikulu asungidwe, makamaka a injini. Injini ina ikaikidwa, nambala yake isiyana ndi ya m'mabuku a Boma, ndipo a Road Traffic ayenera kuuzidwa kuti alembe yatsopanoyo. Chimodzimodzinso mtundu wa utoto ukasinthidwa. Injini yogulidwa popanda lisiti ingathe kukhala ya galimoto yakuba, ndipo idzadetsa galimoto yonse.

Ntchito ikatha, galimoto ipita kukayesedwa kuti ilandire chiphaso cha COF, chosonyeza kuti ili yoyenera kuyenda pa msewu. Oyesa aona mabuleki, chiwongolero, nyali, matayala ndi zina. Ifunikanso inshuwalansi yatsopano m'dzina la mwini watsopano. Amene afuna kunyamula anthu olipira ali ndi zina zowonjezera: chilolezo cha ntchito yonyamula anthu, nambala yofiira, inshuwalansi yoteteza okwera, ndi dalaivala wokhala ndi chiphaso choyenera ntchitoyo.

Koma chiphaso cha COF chisagonetse munthu tulo. Pali zowonongeka zina zimene utoto ubisa. Magalimoto ang'onoang'ono a masiku ano alibe mitanda yachitsulo yapadera pansi monga malole. Thupi lenilenilo ndilo mafupa ake, ndipo mbali ya kutsogolo inapangidwa kuti ikwinyike pa ngozi, ilandire nkhonya m'malo mwa anthu okhala mkati. Chitsulo chimene chakwinyika kamodzi, nichiwongoledwa ndi moto ndi nyundo, sichikhalanso ndi mphamvu yake yoyamba. Matumba a mpweya oteteza dalaivala ndi wokhala pambali pake aphulika kamodzi kokha, ndipo amakaniko ena angotseka pamalopo mkati muli mopanda kanthu. Choipa koposa ndicho kudula magalimoto awiri, theka la kutsogolo la imodzi ndi theka la kumbuyo la inzake, ndi kuwalumikiza pakati. Galimoto yotere ioneka bwino pa siteji, koma ingathe kuduka pa msoko ikagundidwa. Kuika ana a anthu m'galimoto yotere tsiku ndi tsiku chifukwa cha phindu si malonda oyenera munthu wa ulemu wake. Galimoto yomira m'madzi osefukira, amene anthu a ku Karonga awadziwa bwino, nayonso inyenga maso: thupi lili losalala, koma mawaya ndi makina ake amagetsi adwala pang'ono pang'ono.

Chifukwa cha ichi, munthu asanagule atenge makaniko wake, osati wa wogulitsa, kuti agone pansi pa galimotoyo ndi kuona ngati msana wake wapindika. Makaniko akanena kuti wapindika, chigobacho chili ndi ntchito imodzi yokha, ndiyo kupereka zipangizo.

Kugula kwa zipangizo zokha nako kufuna kalata ya malonda yochokera kwa mwini weniweni, pakuti injini ndi giyabokosi ndi katundu wa mtengo wake, ndipo apolisi angathe kufunsa kumene zachokera. Mwini wogulitsa galimoto yoti iphwasulidwe apite ku Road Traffic kukanena kuti galimotoyo yatha, kuti ichotsedwe m'kaundula wa magalimoto oyenda. Akapanda kutero, dzina lake likhalabe pa nambalayo. Ndipo akabwera munthu wonena kuti chitsulo sachifuna, angofuna buluu buku ndi kachigawo kokhala ndi nambala ya chassis, ndipo alipira bwino, mwiniyo akane, nakanene ku polisi ya Karonga, chifukwa makalatawo akavekedwa galimoto yakuba, apolisi poilondola adzafika pakhomo pa amene dzina lake lili m'mabuku.